Vitz yayatsa nyali ya injini: musathamangire kugula chitsulo chodula

Mayi ena a ku Zomba anditumizira imelo. Akuti anaitanitsa Toyota Vitz ya 2008 ku Japan, ndipo yawayendera bwinobwino miyezi inayi. Sabata yatha kanyali kachikasu kooneka ngati injini kanayaka pa dashibodi, galimoto n'kuyamba kunjenjemera kwambiri ikaima. Amakaniko ataiika pa kompyuta anapeza makodi (manambala osonyeza vuto) awiri, P0301 ndi P0420, n'kuwauza kuti agule catalytic converter ina, chitsulo cha mu ekizozi choyeretsa utsi. Akufunsa kuti, "Kodi ndigule, kapena ndingowauza azimitse nyaliyo?"

Mayi, dikirani kaye, ndalama isatuluke m'chikwama.

Tiyambe ndi galimoto yanuyo. Vitz inatuluka koyamba ku Japan mu 1999, ndipo ku Ulaya ankaitcha Yaris. Mu 2020 a Toyota anasiya dzina la Vitz ku Japan komweko n'kutengera la Yaris. Yanu ndi ya m'badwo wachiwiri, umene unayamba mu 2005. Ngati pamapepala palembedwa KSP90, muli ndi injini ya 1KR-FE, ya 996cc, imene inakonzedwa ndi a Daihatsu ndipo imapezekanso mu Passo. Injini imeneyi ili ndi masilinda atatu okha. N'chifukwa chake ngakhale ili bwino imagwedera pang'ono ikaima, ndipo silinda imodzi ikangofooka mumamva mpaka pachiwongolero.

P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba sikuwotcha petulo bwino. Ikanakhala yachiwiri bwenzi ili P0302, yachitatu P0303, ndipo P0300 imabwera vuto likamadumphadumpha. Nthawi zambiri wolakwa amakhala pulagi yotha kapena koilo imene imakhala pamwamba pa pulagiyo n'kumaipatsa magetsi. Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Amakaniko amasule kabawuti kamodzi, azule koilo ya silinda yoyamba, aisinthanitse ndi ya silinda yachiwiri, afufute makodi, muyende pang'ono. Ikabwera P0302, ndiye kuti vuto lasamuka limodzi ndi koilo, ndipo mwamugwira wakuba. Ikakhalabe P0301, ayang'ane pulagi. Pulagi yabwino nsonga yake imakhala youma, yotuwa mofiirira. Yakuda bii ndi mwaye, kapena yonyowa yonunkha petulo, yanena kale mlandu wake. Zonsezi zikakhala bwino, apite ku injekita (kachitsulo kopopera petulo mu injini) ndi kuyeza mphamvu ya silindayo.

Tsono P0420 ikuti catalytic converter sikuyeretsa utsi mokwanira. Apa ndi pamene mtima umandipweteka, chifukwa anthu ambiri amataya ndalama pomwepa. Petulo amene sanapse mu silinda yoyamba amatsikira mu ekizozi n'kukapsera m'kati mwa chitsulocho. Mukaika chatsopano koilo ikadali yomweyo, nachonso chipsa. Komanso kodi yomweyi imatha kubwera chifukwa cha sensa ya okosijeni yotopa, kapena ekizozi yobooka pafupi ndi sensayo. Konzani P0301 poyamba, fufutani, yendani masiku angapo. P0420 ikabwereranso, pamenepo mpamene tingakambe zogula. Ndipo chakale chikachotsedwa muchitenge, muli zitsulo zamtengo wapatali monga platinum.

Nambala ina imene eni Vitz amaiona kawirikawiri ndi P0171: mpweya wachuluka, petulo wachepa. Amakaniko ayambe ndi timapaipi ta labala tong'aluka ndi pampu ya petulo yofooka, asanakugulitseni sensa.

Za kuzimitsa nyali ndikukana. Kufufuta kodi sikuchiza kanthu, nyali idzayakanso, ndipo ochotsa babu kumbuyo kwa dashibodi amangokutsekani maso. Nyaliyo ikangoyaka osathima, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku galaja. Koma ikayamba kuphethira, makamaka pokwera mtunda ngati wopita ku Ku Chawe, chotsani phazi pamoto, imani pambali, muzimitse injini, muitane amakaniko abwere pomwepo.