Musamutumizire botolo, pitani nokha mukapereke moni

Mnyamata wina amene amagwira ntchito pa boma la Kasungu wandilembera imelo. Akuti Loweruka amakonda kupita ndi anzake kumalo ena achisangalalo m'tauni, ndipo pali mtsikana amene wakhala akumuona ali ndi anzake awiri. Mtima wagwa, koma akati anyamuke miyendo imalemera. Anzake akumuuza kuti angomutumizira chakumwa kudzera kwa woperekera. Iye akufunsa kuti ayambe ndi mawu ati.

Achimwene, za botolozo zisiyeni. Mukudziwa mmene Kasungu imakhalira msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma. Kuyambira cha mu Epulo mabala amadzaza ndi azibambo amene angolandira kumene, ndipo kafunsiridwe kawo ndi kamodzi: kutumiza Green patebulo la mkazi n'kumadikira kuti abwere kudzathokoza. Atsikana a m'tauni analizolowera botolo lotere, amadziwa kuti likutanthauza kuti "ndalipira, bwera kuno". Komanso ife amuna sitiganizira kuti mkazi akangopezeka kumowa usiku, anthu amakhala atamuweruza kale kuti ndi woyendayenda, ngakhale ali namwino amene wangoweruka n'kubwera kudzasangalalira tsiku lobadwa la mnzake. Mukamugulira chakumwa musanamupatse ndi moni womwe, mwamuika m'gulu lomwelo, ndipo akakutsonyani musadabwe.

Pitani nokha, mowa usanakukwereni kumutu. Mkati momwe sipika ikulira si malo olankhulira, chifukwa mudzachita kukuwira m'khutu mwake fungo la mowa likutsogola. Dikirani atuluke panja pamene amaotcha kanyenya. Pamenepo pali kuwala, anthu aima mozungulira chiwaya, wootcha akudula nyama n'kuika mchere ndi tsabola pambali, ndipo palibe amene angadabwe kuona anthu awiri akucheza podikira. Mukawapeza ali atatu, moni upite kwa onse atatu: "Mwaswera bwanji, achemwali?" Mnzake amene mwamudumpha ndi amene adzakunenereni zoipa pobwerera kunyumba. Muzinena kuti "inu". Zoti "iwe" kapena "bebi" kwa munthu amene sakukudziwani ndi chipongwe, kaya anyamata a masiku ano azikonde bwanji. Kenako tchulani dzina lanu ndi komwe mumagwira ntchito, kuti adziwe kuti si inu munthu wobisala.

Mawu oyambira amene mukuwasowawo ndi omwe timafunsana tsiku lililonse: "Kumudzi ndi kuti?" Akati kwa Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, nkhani yapezeka kale, za msewu wakumeneko nthawi ya dzinja, sukulu imene anaphunzira, mwina wina amene nonse mukumudziwa. Ngati ndi wa cha kumpoto kwa boma lino ndipo Chitumbuka mumachithyolako, kamoni ka "muli uli" kadzamuseketsa. Funsoli limathandizanso pena: a Banda ndi a Phiri ndi ambiri kuno, ndi bwino kudziwiratu ngati si mwana wa azakhali anu. Zoti "ndakukondani" usiku woyamba ayi. Mwakonda chiyani mwa munthu amene simukudziwa ndi dzina lomwe?

Tsono muzimvetsera mayankho ake. Akamayankha ndi liwu limodzilimodzi, maso ali pafoni, kapena akati "tikudikira munthu", wakana. Atsikana ambiri sanena "sindikufuna" poyera poopa kutukwanidwa. Nenani "zikomo, musangalale bwino" n'kubwerera kwa anzanu, osamugwira dzanja, osamutsatira akamakakwera kabaza. Ukamberembere wa "mkazi amayamba wakana" wapweteketsa ambiri, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu ndi zachikondi zimene iye sakuzifuna ndi mlandu. Kasungu ndi yaing'ono, Lolemba mukumana naye pamzere kubanki.

China ndi msinkhu. Nthawi ya tchuthi m'malo amenewa mumalowanso ana a sukulu ovala ngati akuluakulu. Malamulo a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Akangotchula za Fomu 3, tsanzikani.

Zikayenda bwino, musatalikitse. Chezani mpaka nyama ipse, kenako mumupatse nambala yanu m'malo moumiriza yake, kuti asankhe yekha. Akakupatsa yake, lembani uthenga mawa lake masana, mutchule dzina lanu ndi pamene munakumana, ndipo mumupemphe kuti mudzaonane dzuwa likuswa mtengo pamalo poonekera, mwina pa chipisi ndi Fanta. Musayambe n'kumutumizira mayunitsi kapena ndalama pa Airtel Money asanakuyankheni, chifukwa limenelo ndi botolo lomwe lija, langolowera pafoni.