Oyilo wa PAO kapena wa Group III, wabwino ndi uti?

Achimwene, mwafunsa za mabotolo awiri a oyilo wa injini olembedwa "fully synthetic 5W-30", lina la PAO lina la Group III (mitundu iwiri ya mafuta oyambira, aja timati base oil), kuti wabwino ndi uti, komanso ngati wa Group III ndi wachinyengo. Si wachinyengo ayi. Koma musasankhe oyilo poyang'ana mafuta oyambira okha, chifukwa chimene chimateteza injini kwambiri ndi mankhwala osakanizidwamo.

M'botolo lililonse, magawo pafupifupi 75 mpaka 85 pa 100 ndi mafuta oyambira, otsalawo ndi mankhwala, aja timati ma additive. Bungwe la za mafuta la ku America la API linagawa mafuta oyambirawa m'magulu asanu. Group I ndi II amayengedwa kuchokera ku mafuta okumba pansi. Group III ambiri amachokeranso komweko, koma amayengedwa kwambiri ndi hydrogen mpaka sulufule wotsalamo osapitirira 0.03 pa 100, ndipo viscosity index yake imafika 120 kapena kuposa. Nambala imeneyi ikakhala yaikulu, oyilo sakhala wamadzimadzi msanga injini ikatentha. Group IV ndiye PAO, wopangidwa m'fakitale kuchokera ku ethylene. Group V ndi ena onse otsala, kuphatikizapo ma ester.

Chisokonezo chinakula mu 1999, pamene Mobil inadandaula kuti Castrol ikutcha oyilo wa Group III kuti synthetic. National Advertising Division ya ku America, yoweruza madandaulo a zotsatsa malonda, inagamula mokomera Castrol, ndipo kuyambira pamenepo oyilo wambiri wa synthetic amene timagula ndi wa Group III.

PAO ali ndi ubwino weniweni. Amayenda bwino kukazizira kwambiri, sauluka ngati nthunzi msanga, ndipo amapirira kutentha. Koma sasungunula bwino mankhwala osakaniza, komanso amaumitsa ndi kuchepetsa maraba otchinga oyilo. N'chifukwa chake opanga amathiramo ester pang'ono, yemwe amafufumitsa marabawo. Kuonjezera apo, Group III wabwino, monga amene Shell amapanga kuchokera ku gasi wachilengedwe, amayandikira PAO kwambiri.

Nkhani yaikulu ili pa mankhwala. ZDDP, wokhala ndi zinki ndi phosphorus, amapanga kachikopa pamene zitsulo zikukhudzana, makamaka pa camshaft. Akachepa zitsulo zimadyana, akachuluka phosphorus amapha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi wa galimoto. Ndiye oyilo wa muyezo wa API SP wa 5W-30 amaikidwa malire a phosphorus a 600 mpaka 800 ppm (magawo pa miliyoni). Palinso mankhwala otsuka a calcium ndi magnesium, amene amathetsa asidi wochokera ku mafuta oyaka. Mphamvu yawo imayezedwa ndi nambala yotchedwa TBN, ndipo ikatha, oyilo watha ntchito ngakhale mafuta oyambira akadali abwino. Pa injini zazing'ono za petulo zokhala ndi turbo ndi direct injection, calcium wambiri amathandizira vuto la LSPI, pamene mafuta amaphulika nthawi isanakwane, galimoto ikukoka katundu pa liwiro lochepa la injini. Pisitoni imatha kusweka. API SN Plus ya 2018 ndi SP ya 2020 zinabwera kudzathana ndi zimenezi. Choncho botolo la PAO lopangidwa mwachikale likhoza kuvulaza injini yotere, pamene la Group III lokhala ndi SP likuiteteza.

Wa galimoto ya dizilo yokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, asamale ndi phulusa lotsala oyilo akapsa. Oyilo wa muyezo wa ku Ulaya wa ACEA C3 phulusa lake silipitirira 0.8 pa 100. Mukathira wa A3/B4, phulusa limatseka DPF, ndipo silipsa monga mmene mwaye umapsera.

Pogula, yambani ndi buku la galimoto yanu, muone kukhuthala ndi muyezo umene akufuna, monga dexos1 (wa General Motors), MB 229.5 (wa Mercedes-Benz) kapena VW 504.00/507.00 (wa Volkswagen). Kenako werengani kumbuyo kwa botolo mosamala. Mawu akuti "approved" akutanthauza kuti opanga galimoto anauvomereza atauyesa, pamene "suitable for" ndi mawu a wogulitsa yekha. Ngati mabotolo onse awiri avomerezedwa, pezani data sheet pa intaneti muyerekeze. NOACK imasonyeza kuchuluka kwa oyilo amene amauluka akatenthedwa pa 250°C kwa ola limodzi. API imalola mpaka 15 pa 100, koma wotsika pansi pa 10 ndi wabwino ndithu kwa injini ya turbo. HTHS ndi kukhuthala kwake pa 150°C akupanikizidwa, ndipo wa C3 sayenera kutsika pansi pa 3.5. Apa ndi pamene ma 5W-30 awiri amasiyana kwambiri.

Chonde musathire timabotolo ta mankhwala owonjezera mu oyilo wovomerezeka. Mankhwala a mkatimo anayezedwa kuti agwirizane, ndipo ena amalimbirana malo pachitsulo, moti kuwonjezera amodzi kumafooketsa ena. Ngati galimoto imayenda timaulendo tifupitifupi kapena m'fumbi, tsatirani nthawi yaifupi yosinthira imene ili m'bukumo pansi pa "severe service", ndi fyuluta yomwe. Petulo ndi madzi zimalowa mu oyilo mofanana, kaya ndi wa PAO kapena wa Group III.