Amuna ovala kasiketi pa siteji ya mfumu ya ku France

Mayi wina amene amasokera gulu la zisudzo wandilembera imelo, akuti anaona chithunzi chakalekale cha ku France, bambo wavala kasiketi kakafupi kofufuma ngati ambulera, kumutu nthenga zili mbwee, ndiye akufunsa kuti kodi amavaladi choncho kapena wojambulayo amangocheza? Amavaladi mayi, ndipo sanali anthu wamba ayi.

Kasiketi kameneko dzina lake ndi tonnelet. Amatengera asilikali achiroma akale aja ovala chachitsulo pachifuwa ndi timalamba tolendewera m'chiuno, koma ine ndimaona kuti nkhani yeniyeni inali miyendo, gule wa nthawi imeneyo luso lake linali kumapazi ndiye munthu atavala chinthu chokhwekhwereza pansi owonera akanaona chani?

Mfumu Louis XIV yomwe inkavina. Pa 23 February 1653 mu holo ya Petit-Bourbon ku Paris, ali mnyamata wa zaka 14 zokha, anatulukira kumapeto kwa gule wotchedwa Ballet de la Nuit ngati dzuwa likutuluka, golide waliwali thupi lonse, dzuwa pachifuwa, tina timadzuwa m'maondo mpaka pa nsapato. Ntchito yojambula zovala za kunyumba ya mfumu inali ya Henri de Gissey, atamwalira anamulowa m'malo Jean Berain mu 1674, ameneyu ndi amene anaveka ma opera (zisudzo zoyimba) ambiri a wopeka nyimbo Lully.

Musaiwale kunalibe magetsi. Makandulo ndi nyali za mafuta basi. Ndiye atelala amathira ulusi wa golide ndi siliva, timiyala tabodza tonyezimira, chilichonse choti chigwire kakuwala kochepako. Komanso ovina amavala chigoba kumaso ndiye nkhope siimathandiza, chovala ndi chimene chimanena kuti uyu ndi ndani, wovina ngati mphepo nthenga thoo, mulungu wa m'nyanja mamba a nsomba ndi zigoba za nkhono. Zophimba kumasozi zinakhalitsa heavy, mpaka 1772 pamene wovina Maximilien Gardel anavina nkhope ili poyera ku Paris Opera.

Azimayi ndiye anavutika bwanji. Anayamba kuvina pa siteji ya Opera mu 1681 atavala madilesi olemera ofika pansi, kenako Marie Camargo anafupikitsako siketi kuti timapazi tizioneka, ndipo Marie Sallé mu 1734 ku London anangovala kansalu kopepuka tsitsi atalimasula, anthu kukamwa yasa.

Inuyo ngati mukufuna kusoka tonnelet musataye ndalama pa nsalu yodula. Pangani mkombero wa waya kapena nsungwi yoonda m'kati, ifike pamwamba pa bondo, pamwamba ikani satini wa pamsika ndi masikwini ambiri. Mukamaliza muvekeni munthuyo usiku, zimitsani getsi, yatsani makandulo anayi, imani chapatali mumuuze adumphe.