Sinthani difu, koma ratio ifanane

Achimwene, mwafunsa ngati mungasinthe difu ya pikiapu yanu. Inde, n'zotheka kuchotsa difu (bokosi la magiya la pa ekiselo logawira mphamvu ku matayala awiri) kapena ekiselo yonse ya kumbuyo pa pikiapu ina n'kuika pa yanu. Ikakhala ya limited slip kapena ya diff lock (mitundu ya difu yopereka mphamvu ku matayala onse awiri ngakhale limodzi likuterera), vuto loti tayala limodzi lizingozungulira m'matope linzake lili duu limachepadi.

Koma ngati yanuyo ndi 4x4, ratio (maulendo omwe shafiti yolowa mu difu imazungulira kuti matayala azungulire kamodzi) ya kumbuyo ifanane ndi ya kutsogolo. Ine ndinaikapo ya 4.56 kutsogolo kuli 4.10, nditangolowetsa 4x4 pouma, galimoto inayamba kukakamira ngati ndaponda mabuleki, matayala akukwekwesa pansi. Ndikanapitiriza, transfer case (bokosi la magiya logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ikanatha. Musanagule, werengani mano a crown wheel (giya yaikulu ya mu difu) mugawe ndi a pinion (kagiya kakang'ono koiyendetsa) kuti mupeze ratio: 41 ndi 10 ndiye 4.10, 41 ndi 9 ndiye 4.56.

Difu yokha ndiyo yosavuta kusintha, bola ma spline (timano ta kunsonga) a mashafiti agwirizane, ndipo limited slip nthawi zambiri imafuna oyilo wakewake. Mukatenga ekiselo yonse, yezani kutalika kwake, pokhala masipuling'i, mabawuti a matayala ndi masensa a mabuleki a ABS.

Pakafunika kuwotcherera, kutchera backlash (mpata wa pakati pa mano a crown wheel ndi a pinion) kapena kukhudza mabuleki, musachite nokha. Pitani kwa makaniko wodziwa ma difu.