Kuphunzira malamulo a nyumba zoulutsira mawu ku Netherlands

Mayi wina wafunsa ngati n'kwanzeru kuti mwana wake, amene wamaliza digiri ya utolankhani, apite ku Netherlands kukaphunzira momwe boma limayendetsera wailesi ndi kanema za anthu onse, popeza mwanayo akufuna kudzagwira ntchito m'bungwe lopereka ziphaso ngati MACRA.

Mayi, ganizoli ndi labwino, koma mwanayo adziwiretu kuti akakumana ndi dongosolo losiyana kwambiri ndi la MBC. Kumeneko mapologalamu ambiri amakonzedwa ndi mabungwe okhala ndi mamembala olipira, omwe oyambirira ake adakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920 pamene Akatolika, Apulotesitanti ndi a chipani cha anthu ogwira ntchito aliyense ankafuna wailesi yolankhula za iye: NCRV ya Apulotesitanti mu 1924, KRO ya Akatolika ndi VARA ya anthu ogwira ntchito mu 1925. Lero mabungwe otere amagawana nthawi ya pa wailesi ndi kanema pansi pa NPO, bungwe logwirizanitsa wailesi ndi kanema za anthu onse, ku Hilversum, motsatira lamulo la Mediawet la 2008.

Apa ndiye pagona phunziro lenileni. Pa zilolezo zomwe zidayamba mu 2022, gulu latsopano lofuna kuulutsa linkayenera kusonyeza mamembala osachepera 50,000, ndipo bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu la Commissariaat voor de Media linkayamba lawerenga mamembalawo nduna ya maphunziro, chikhalidwe ndi sayansi isanapereke chilolezo cha zaka zisanu. Umu ndi momwe Omroep Zwart ndi Ongehoord Nederland, magulu osagwirizana pa chilichonse, adalowera limodzi mu 2022. Boma limapereka ndalama kuchokera ku misonkho, chifukwa chindapusa cha wailesi ndi kanema chidathetsedwa mu 2000, koma malamulo salilola kusankha zoti ziulutsidwe. Ine ndimaona kuti wofuna kudzapereka ziphaso aphunzire mosamala mpanda umenewu wolekanitsa wopereka ndalama ndi wokonza nkhani.

Nkhaniyitu ndi ya malamulo kuposa utolankhani, choncho ayang'ane Institute for Information Law ya pa University of Amsterdam, ndipo afunse msanga ngati digiri yake ikukwanira, chifukwa maphunziro a malamulo kawirikawiri amafuna munthu amene adayamba kale za malamulo. Mediawet ndi zigamulo za Commissariaat zimalembedwa m'Chidatchi, ndiye ayambe kuphunzira chilankhulochi asananyamuke.