Mayankho kwa alimi a ng'ombe: kashembe ndi tizilombo tokhala m'mimba mwake

Mlimi wina woweta ng'ombe m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza ku Rumphi wafunsa kuti: "Ng'ombe zanga zimalumidwa ndi kashembe pafupifupi tsiku lililonse, koma zimene zimadwala n'zochepa. Kodi kashembe aliyense amakhala ndi matenda?"

Ayi bambo, akashembe ambiri amene amatera pa ng'ombe zanu sakhala ndi kachilombo koyambitsa kaodzera wa ng'ombe. Kachilomboka, kamene dokotala wina wa ku Britain, David Bruce, anakapeza m'magazi a ng'ombe za ku Zululand ku South Africa ndipo mu 1895 anasonyeza kuti kamafala ndi kashembe, kakalowa m'mimba mwa kashembe pamodzi ndi magazi a njiri, mbawala kapena njati, kamakumana ndi chitetezo cha m'thupi mwa ntchentcheyo, ndipo nthawi zambiri kamafera momwemo kasanafike kukamwa.

Chitetezo chimenechi kashembe sadzipangira yekha. M'mimba mwake mumakhala bakiteriya wotchedwa Wigglesworthia, amene amamupatsa mavitamini a gulu la B osowa m'magazi, poti kashembe, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, sadya china chilichonse kupatula magazi. Kashembe saikira mazira ngati ntchentche ya m'nyumba. Amasunga mphutsi imodzi m'mimba, kuiyamwitsa timadzi tonga mkaka, n'kuibereka itakhwima pa dothi la pamthunzi. Bakiteriyayu amachoka kwa mayi kupita kwa mwana kudzera mu mkaka womwewo, ndipo ofufuza aona kuti mphutsi imene yakula popanda iye imasanduka kashembe wa chitetezo chofooka, amene amatenga kachilombo ka kaodzera mosavuta. Palinso bakiteriya wina, Sodalis, amene m'madera ena amapezeka kwambiri mwa akashembe odwala, moti akatswiri ambiri amamuganizira kuti amathandiza kachilomboko kukhazikika. Choncho akashembe awiri ofanana ndendende kunja akhoza kusiyana kwambiri pa kuopsa kwawo, ndipo inu simungawasiyanitse ndi maso.

Mayi wina wa ku Nkhotakota, amene anamva kuti kashembe wamkazi akachotsedwa Wigglesworthia amaleka kubereka, wafunsa ngati angamabaye ng'ombe zake jakisoni wa oxytetracycline, mankhwala opha bakiteriya, kawirikawiri kuti akashembe oziluma aleke kubereka.

Mayi, zimene munamvazo n'zoona, koma zinachitikira m'nyumba zofufuziramo, momwe akashembe amamwetsedwa magazi osakaniza ndi mlingo woyezedwa wa mankhwala. Kudambo sizili choncho. Akashembe ambiri amadya kwa nyama zakutchire, ndipo mankhwala amene angamwe kwa ng'ombe yanu sangatsitse chiwerengero chawo. Chimene mungapindule n'kutaya ndalama, kuika mankhwala mu mkaka umene ana anu akumwa, ndiponso kuzoloweretsa tizilombo ta matenda ena kuti mankhwalawo adzaleke kugwira ntchito tsiku limene mudzawafune. Ine ndikukuletsani ndithu.

Pamene pali phindu lenileni kwa mlimi ndi pa kaberekedwe komweko. Popeza kashembe wamkazi amabereka mwana mmodzi yekha pa masiku pafupifupi 10 alionse, ndipo mwanayo amakhala m'dothi pafupifupi mwezi asanauluke, kupha akazi ochepa tsiku ndi tsiku kumachepetsa mtundu wonse, zomwe sizitheka msanga ndi udzudzu umene umaikira mazira ochuluka. N'chifukwa chake nsalu za buluu ndi zakuda zonyikidwa m'mankhwala, zimene zimapachikidwa m'malire a nkhalango, zimathandiza ngakhale zimaoneka zachabechabe (ndipo wozichotsa kukasoka malaya akulakwira mudzi wonse). Kupopera ng'ombe mankhwala a deltamethrin n'kothandizanso, makamaka m'miyendo ndi kumimba kumene kashembe amakonda kuluma. Ng'ombe ikayamba kuwonda ngakhale msipu ulipo, kutuwa m'zikope, kufooka pagoli kapena kutaya bere, itanani alangizi a ziweto ayeze magazi, ndipo mankhwala a kaodzera a Berenil kapena Samorin aperekedwe motengera kulemera kwa ng'ombeyo, osati mongoyerekeza ndi maso.

Funso lachitatu lachokera kwa mnyamata wa ku Kasungu amene anawerenga pa foni za udzudzu wokhala ndi bakiteriya wotchedwa Wolbachia, ndipo akufuna kudziwa ngati njira yomweyo ingathetse kashembe. Mumzinda wa Yogyakarta ku Indonesia, udzudzu wopatsidwa bakiteriyayu unachepetsa matenda a dengue, amene amafala ndi udzudzu, ndi 77 pa 100 alionse m'madera amene unamwazidwa, malinga ndi zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2020. Kwa kashembe, akatswiri akuyesa kusintha Sodalis kuti azitulutsa zinthu zopha kachilombo ka kaodzera m'mimba momwemo, koma ntchitoyi idakali m'manja mwa ofufuza, ndipo palibe botolo la mankhwala otere limene mungagule m'sitolo ya zaulimi. Wina akakutsatsani, musatulutse ndalama.

Kashembe wa ku Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu amafalitsanso kaodzera wa anthu. Mbusa kapena aliyense wa pakhomo akalumidwa kenako n'kutuluka chotupa chowawa pamalo olumidwawo, kutentha thupi ndi kumva mutu, ndipo mankhwala a malungo osamuthandiza, mupite naye kuchipatala msanga ndi kuwauza achipatala kuti amadyetsa ziweto kufupi ndi nkhalango.