Kwa amene afunsa za gombe labata ndi zilumba zojambulako

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wochokera kuno ku Lusaka angakajambule kuti mchenga, zilumba ndi nyama za m'madzi popanda kukwera ndege. Yankho langa ndi Cape Maclear, kummwera kwa nyanja ya Malawi. Malowa ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mitundu yowala.

Basi ya ku Chipata muikwere m'mamawa pa Intercity, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Mukadutsa chipata cha Mwami mulowera ku Mchinji, Lilongwe, kenako Monkey Bay, pafupi ndi Cape Maclear. Muwerengere masiku awiri, ndipo musaiwale kuti kwacha ya kumeneko si yathu ino.

Nyengo ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, nyanja imawinduka masana, bwato limagwedezeka moti chithunzi chakuthwa chimavuta. Mukapita miyezi imeneyi, nyamukani 6 koloko m'mawa madzi asanadzuke. Seputembala ndi Okutobala madzi amadekha, koma utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri. Kwa ine mapeto a Epulo ndiye abwino: mvula yatha, mitengo ikadali yobiriwira, kumwamba kuli mbee.

Gombe la m'mudzi wa Chembe, pa Cape Maclear penipeni, si labata ayi. Pali mabwato, usipa uli pa thandala, amayi akuchapa, ana akusamba. Pamenepo pemphani kaye musanaloze kamera, ndipo osamba asiyeni. Bata lenileni lili pa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Gwirizanani mtengo ndi mwini boti musanakwere, mufunsenso ngati ndalama yolowera m'paki ili momwemo.

Tsono nkhwazi, mbalame ya pa mbendera yathu ija. Oyendetsa boti amaimba mluzu n'kuponya kansomba, iyo imatsika pa mtengo wa pa Thumbi, kutambasula zala, kukhwapula nsomba madzi n'kuthovoka. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso. Shutter (liwiro lojambulira) ikhale pa 1/2000 ya sekondi kapena yofulumira kuposa apo, focus yotsata chinthu choyenda, ndipo kamera izijambula motsatizana. Lens ya 200mm ndi yokwanira chifukwa mbalame imafika pafupi. Cholakwika chachikulu n'kutsatira mbalame kuchokera mumtengo. Lozani pamene pagwera nsomba, n'kudikira. Muuzeni woponyayo kuti dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mutu wa nkhwazi ndi woyera, umapsa ndi kuwala, choncho tsitsani exposure (kuwala kolowa m'kamera) pang'ono kuti nthenga zioneke.

Mbuna zimakhala m'miyala, m'madzi osaya. Foni ya m'kathumba kosalowa madzi imagwira ntchito, koma kathumbako kayeseni kaye kunyumba: ikanimo pepala, kamizeni mu ndowa mphindi 30, muone ngati lanyowa. Jambulani pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko pamene dzuwa likulowa pansi, ndipo yandikirani osapitirira mita imodzi, apo ayi mitundu ya buluu ndi chikasu imazimirira. Osaponda pansi, mchenga ukavunduka chithunzi chatha. Mamita 100 kuchokera ku gombe la paki ndi otetezedwa, kugwira nsomba n'koletsedwa.

Mchenga ndi mdani wa kamera. Musasinthe lens pagombe, ndipo musapukute galasi musanauzire, kamchenga kamodzi kamakanda mpaka kalekale. Tengani mabatire awiri ndi powerbank, magetsi amathima.

Za likodzo ndikuchondererani musazipeputse. Tinkhono tofalitsa matendawa timapezeka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi. Kumwa praziquantel, mankhwala a likodzo, tsiku lomwe mwasamba sikuthandiza chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula. Dikirani masabata 6 mpaka 8 mutabwerera ku Lusaka, ndiye mukayezetse kuchipatala ngakhale musakumva kalikonse m'thupi.